Pa cikwati palibe zakuti "bwelezaniko"

Miyezi ya September na October mu Lusaka ni miyezi ya vikwati. Mphepo ya June na July yapita, mvula ikalibe kuyamba, mitengo ya jakalanda yavala maluwa m'mbali mwa misewu, ndipo Ciwelu ciliconse mumamva mahutala kucokela ku Great East Road mpaka ku Kafue Road. Motoka ya kutsogolo ili na maliboni, za kumbuyo zayatsa ma hazard, ndipo pakati pa mndandanda pamakhala munthu mmodzi amene watulutsa theka la thupi pa windo, kamela ili kumaso. Tonse maso amakhala pa mkwatibwi. Uja wa pa windo palibe amene amamuwelengela. Koma pakapita zaka 20, keke itadyedwa kale, dilesi itabwezedwa kumene anaibweleka, cimene cimatsala m'nyumba ni nchito ya munthu ameneyo.

Ciwelu ca sabata ya mawa nchito imeneyo ili pa ine, ndipo ni koyamba. Nakhala nikukopa zithunzi kwa zaka zitatu: ma birthday a ana, kwaya ya kwathu, anzanga omaliza maphunzilo ku UNZA atavala mikanjo yawo pafupi na Goma Lakes. Nchito zonsezo zili na cifundo. Mwana akatsinzina, umangoti "bwelezaniko", n'kukopanso. Cikwati cilibe cifundo cotelo. Mphete imalowa pa cala kamodzi. Abusa sangabweleze malumbilo cifukwa cakuti batile yako yatha. Misozi ya amai a mkwatibwi ikagwa iwe uli kuyang'ana kumbali, yagwa basi.

Mkwatibwi ni mwana wa aneba athu ku Chilenje, tinakulila pa laini imodzi. Amai ake ni amene anabwela kunyumba. "Mwana wanga," anatelo, "ba komiti bafunsa ma photographer ba mu tauni, mitengo yamene batiuza ni ya ng'ombe. Iwe uli na kamela. Ise sitifuna vambili, tifuna cabe vioneke bwino."

Mau akuti "sitifuna vambili" ni oopsa kuposa mmene amamvekela. Munthu amene wakamba conco ali na zithunzi zake kale m'mutu, koma sanakuuze. Conco nchito yanga yoyamba sinali ya kamela. Inali yotulutsa zithunzi za m'mutu mwa banja lija n'kuziika pa pepala.

Cikwati ca mu Lusaka si tsiku limodzi

Munthu akakuuza kuti "uzatikopa pa cikwati", yamba wafunsa kuti cikwati cake citi. Kuno cikwati cimayenda ngati sitima ya mabogi ambili. Pali cilanga mulilo, mwambo umene unacokela kwa Abemba koma manje mitundu yonse mu tauni inautenga, pamene acibale a mkazi amasenza mapoto na mbale zomanga m'vitenge, ng'oma zikulila, kupita nazo kwa mwamuna kukamuonetsa zakudya za kwa apongozi. Pali kitchen party, tsiku la azimai. Ena amakasaina ku Civic Centre pa Independence Avenue, kumene lamulo la vikwati limafuna kuti cidziwitso cikhale masiku 21 asanakupatseni cilolezo. Ndiye pali ku chalichi, pali kokopela zithunzi, pali phwando la madzulo. Ciliconse mwa izi ni tsiku lathunthu la nchito, thilansipoti yake, mabatile ake, na mausiku ake okhala pa kompyuta.

Tinakhala pansi na acheyamani a komiti na mkwati, tinalemba. Ine nidzakopa kucokela pamene mkwatibwi ali kuvala, ku chalichi, zithunzi za banja, mpaka phwando litatha. Tinalemba nambala ya zithunzi zimene nidzapeleka, zingati zosindikiza, na tsiku lopeleka. Tinalemba kuti theka la ndalama lilowe pa mobile money sabata imodzi cikwati cisanafike, lotsala pa tsiku lotenga zithunzi. Tinalembanso za thilansipoti na mbale yanga ya cakudya, pakuti wokopa amene sanadye kucokela 06 hours, pofika 16 hours manja amanjenjemela.

Acheyamani anaseka poona pepala. "Iwe mwaice, pa cibululu napo pafunika kusaina?" Ninawayankha mwaulemu kuti pa cibululu m'pamene pafunika kwambili. Mlendo mukakangana naye simudzaonananso. Neba mudzakumana naye pa pompi, pa malilo, pa kantemba, kwa zaka zonse zotsala.

Ku cilanga mulilo ninapempha kupitako popanda malipilo, kuti nione nkhope za acibale nisanakumane nazo pa tsiku lalikulu. Tisanayambe, alangizi ananiitanila pambali. "Mwana wanga, panja kopa mwamene ufunila. Koma tikangena mu nyumba nikakuuza kuti kamela pansi, ni pansi. Vina ni va mu nyumba, si va pa Facebook." Lamulo limenelo nalisunga ngati loyamba pa onse. Wokopa amalowetsedwa m'malo amene ngakhale acibale ena saloledwa, ndipo amaloledwa cifukwa amukhulupilila. Kudziwa nthawi yotsitsa kamela ni mbali ya nchito, mofanana na kudziwa nthawi yoikweza.

Funso la mdala wa ku Matero

Safunsa anadya phula. Ninakwela basi kupita ku Matero kukaona mdala wina amene anayamba kukopa vikwati m'zaka za m'ma 1980, ali kuyenda pa njinga na kamela ya filimu. Ninali nitakonza mafunso a malenzi na fulashi. Iye sanafune kumva zimenezo.

"Filimu imodzi inali na 36 cabe," anatelo. "Cikwati conse tinali kusiliza na mafilimu yatatu. Imwe ba manje mukopa ma thousand, koma mupeza kuti ambuya ba mkwatibwi mulibemo. Manje niuze, ambuya bake ubadziba?"

Ninati nimamva cabe kuti amakhala ku Katete.

"Yenda ukafunse. Ukadziba bantu, kamela izakukonkha."

Munthu wa mafilimu atatu sanali kukopa mwa mwayi. Asanadinize, anali atadziwa kale kuti uyu ni ndani, ndipo n'cifukwa ciani afunika kukhala m'cithunzi. Kamela ya masiku ano imatinamiza kuti tikadiniza kambili ndiye kuti tagwila zonse. Koma ungabwele na zithunzi 300 za atsikana a line-up, amene amadziwa kuima bwino pamaso pa kamela, n'kusowa ngakhale cimodzi ca azakhali amene analela mkwatibwi, cifukwa iwo anakhala phee pa mpando wa kumbuyo, citenge cili m'mapewa.

Conco ninapita kwa amatroni na kope. Zimene ninamva kumeneko palibe buku la kamela limene likananiuza. Atate a mkwatibwi anamwalila mu 2021, m'nyengo ya Covid. Amene adzamuyendetsa kupita kutsogolo ni amalume ake, koma atate aang'ono nawonso adzakhalapo, ndipo iwo amaona kuti malo a malemu mkulu wawo ni awo. Ku cimuna, makolo a mkwati anasiyana kale. Atate adzabwela na amai atsopano, ndipo amai omubala nawonso adzakhalapo. Ndiye tiyelekeze kuti ine naima pakhomo pa chalichi, nakuwa kuti "makolo a mkwati bwelani kuno!" Adzaimilila ni ndani? Adzatsala pa mpando ni ndani? Mau amodzi cabe a wokopa angadzutse nkhani imene ankhoswe anaigoneka movutikila.

Tinakonza motele. Sipadzakhala kuitana kwa "makolo". Aliyense adzaitanidwa payekha, mwa ulemu wake, ndipo woitana sadzakhala ine. Ku cikazi kuli msuweni wa mkwatibwi, ku cimuna kuli mlongosi wa mkwati. Awa amadziwa nkhope zonse, ndipo amadziwa mau oitanila munthu wamkulu popanda kumucititsa manyazi. Mkwati adzakhala na cithunzi na amai ake, cina na atate ake na akazi awo, ndipo ngati akulu avomela, cacitatu ca onse, akwati ali pakati. Amalume na atate aang'ono adzaima mmodzi uku mmodzi uku, mtunda wofanana kucokela kwa mkwatibwi. Mndandanda wonse uli na magulu 18. Gulu lililonse likatenga mphindi zitatu, ni pafupifupi ola lathunthu, ndipo ola limenelo tinalilemba pa pulogilamu kuti amatroni asadzaniyang'ane na diso lofiila.

Pamwamba pa mndandanda pali ambuya a ku Katete. Adzayenda makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, na miyendo imene masiku ano imavuta. Amai a mkwatibwi ananiuza motsitsa mau kuti m'nyumba monse mulibe cithunzi ca ambuya ali na mdzukulu wawo uyu, ndipo sadziwa ngati adzakwanitsanso ulendo wina wa ku Lusaka. Okalamba nidzayamba nawo, atakhala pa mipando, pa mthunzi, asanaleme. Acinyamata angayembekeze.

Dilesi yoyela, nkhope yakuda, dzuwa la October

Ciwelu catha ninapita ku chalichi pa 10 hours, nthawi yeniyeni imene mwambo udzayamba, kuti nione kuwala mmene kumalowela. Kupita madzulo sikukanathandiza, pakuti dzuwa limakhala litasamukila mbali ina. Ninapeza kuti mawindo aakulu ali kumanja, ndipo kumbuyo kwa guwa kuli windo ina yowala kwambili. Nikaima pakati n'kuloza kutsogolo, akwati adzatuluka ngati zithunzithunzi zakuda. Malo anga ni kumanja, msana ku mawindo, kuti kuwala kugwe pa nkhope zawo.

Ninaonananso na abusa. Chalichi ciliconse cili na malamulo ake, ndipo ni bwino kuwamva mu ofesi kusiyana na kuwamva pa maikolofoni anthu onse ali kumvetsela. Awa anati fulashi iyai pa nthawi ya pemphelo na malumbilo, kukwela pa guwa iyai, kudutsa pakati pa iwo na akwati iyai. Popanda fulashi, lenzi ya 18-55mm imene imabwela na kamela imavutika m'kati, cifukwa ukaikoka imatsekeka mpaka f/5.6. Conco nidzadalila ya 50mm f/1.8, yochipa koma yolowetsa kuwala kwambili. ISO nidzaikweza pakati pa 1600 na 3200, ndipo liwilo la shata silidzatsika pansi pa 1/125. Cithunzi cokhala na tumadontho cimakonzeka pa kompyuta. Cogwedezeka cilibe mankhwala.

Vuto lalikulu pa cikwati ca kwathu kuno ni dilesi yoyela pa khungu lakuda. Kamela ilibe nzelu yodziwa kuti uyu ni mkwatibwi. Imayeza kuwala konse n'kuyesa kukufikitsa pakati, pa mtundu wotuwa. Ikaona dilesi yoyela mbee yadzaza cithunzi, imaganiza kuti kwawala kwambili, ndipo imacepetsa. Dilesi imatuluka yotuwa, nkhope imamila mu mdima. Ukakweza kwambili kuti nkhope ioneke, dilesi imapsa, maluwa onse amene atelala anasoka usiku na usana amasanduka pepala loyela. Nkhani imeneyi ni yakale. M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inali kutumiza ku malo otsukila zithunzi khadi yoyezela mitundu yochedwa Shirley, ndipo pa khadiyo panali mzimai wacizungu. Makina anali kukonzedwa kuti khungu lake ndilo lituluke bwino. Makamela a masiku ano anapita patsogolo kwambili, koma wokopa afunikabe kusankha yekha.

Ine nasankha nkhope. Nidzayeza kuwala pa tsaya la mkwatibwi, niyatse cenjezo imene imaphethila pa malo opsa, ndipo nikope mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zambili kuti ubweze dilesi pambuyo pake. Kuti nizolowele, mng'ono wanga wakhala akuvala shati yoyela ya sukulu madzulo alionse sabata ino, n'kuima pa khonde, m'cipinda, pansi pa mtengo. Cina cimene nalumbila ni cakuti sinidzayeletsa munthu. Amene anabadwa wakuda bii adzatuluka wakuda bii, wowala bwino, kuti ana ake akadzaona adzati awa ni amai.

Panja pali nkhondo ina. Lusaka ili pa madigili 15 kum'mwela kwa equator, ndipo mu October dzuwa la masana limaima pafupifupi pamutu penipeni. Potuluka m'chalichi pa 12 hours, maso a anthu amakhala maenje akuda, cipumi cimanyezimila na thukuta, ndipo aliyense amakwinya nkhope. Kumbuyo kwa chalichi kuli mtengo wa mango, koma mthunzi wake uli na mabowo, umaika madontho a dzuwa pa nkhope na pa masuti. Nasankha mthunzi wa khonde lalitali la holo ya chalichi, umene ni wosalala. Pa magulu nidzatseka lenzi mpaka f/5.6 kapena f/8 kuti a mzele wa kumbuyo nawonso aoneke bwino, ndipo gulu lililonse nidzalikopa katatu, cifukwa pa anthu khumi sipalephela wotsinzina.

Zithunzi za akwati awili zimakoma dzuwa likapendeka, kuyambila 16:30 hours. Koma kuno dzuwa la October limalowa ca m'ma 18 hours, ndipo likalowa mdima sucedwa. Mkwatibwi anali kulakalaka Munda Wanga, ku Chilanga, kumene makolo ambili a mu Lusaka anakopela zithunzi zawo za cikwati. Sininatsutse na pakamwa. Ninapempha mkwati kuti tiyende njila yonse pa Ciwelu masana, kucoka ku Chilenje, kulowa Kafue Road, kufika ku Chilanga, n'kubwelela ku holo ya phwando ku Woodlands, wochi ili m'manja. Titabwela, iye mwini anauza mkazi wake kuti alendo adzadya mpunga wozizila. Tapeza dimba lina pafupi na holo, takambilana na eni ake za malipilo, ndipo ku Munda Wanga tidzapita atatu pa Sondo ina, popanda mpikisano na wochi.

Ndipo tonse timadziwa kuti 10 hours ya pa khadi si 10 hours ya ku saluni. Mkwatibwi akacedwa na maola awili, zonse zimasunthila kutsogolo koma dzuwa siliyembekeza. Conco pa kope langa pali mndandanda waciwili, waufupi, wa zithunzi 6 zimene sizingasiyidwe ngakhale zinthu zitavuta bwanji. Zotsalazo zingakopedwe ku holo usiku.

Ciliconse cikhale pawili

Lamulo la zida n'limodzi: cimene cili cimodzi, ciwelenge ngati kulibe. Kamela yanga ili na malo a khadi imodzi. Khadi imeneyo ikafa, cikwati conse cafa nayo. Conco nabweleka kwa mnzanga Nikon D750, kamela ya 2014, yakale koma yokhala na malo a makhadi awili, imene imalemba cithunzi ciliconse pawili nthawi imodzi. Imeneyo ndiyo idzagwila nchito yaikulu, yanga idzakhala pa phewa lina. Nakhala nayo masiku asanu kuti zala zizolowele mabatani, pakuti pa cikwati si pophunzilila kamela ya mwini. Mawochi a makamela onse awili nawalinganiza, kuti zithunzi zikasakanizidwa pa kompyuta, mphete isabwele patsogolo pa kulowa m'chalichi.

Khadi ya 64GB imasunga zithunzi za RAW pafupifupi 2,000 pa kamela ngati imeneyi. Nili na makhadi anayi, ogula m'sitolo yodziwika, osati a pa tebulo la m'mbali mwa msewu amene amalembedwa 64GB koma mkati muli zocepa. Mabatile a kamela ni anayi, a fulashi ni magulu atatu a AA. Caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba cifukwa ca cilala ndipo makomboni ambili anali kukhala pafupifupi tsiku lonse opanda malaiti, cinatiphunzitsa tonse kuti kuchaja sakuika pa usiku wothela. Ine nidzachaja zonse pa Cinayi. Pa Cisanu nidzangoonjezela.

Ku holo nako napitako usiku. Denga ni loyela ndipo si lalitali, conco fulashi nidzailoza kumwamba kuti kuwala kubwele kofewa, m'malo mowombela anthu kumaso. Nafunsa okongoletsa ngati adzaphimba denga na nsalu, pakuti nsalu ikakhala yofiila kapena ya golide, nkhope zonse zimatenga mtundu umenewo. DJ namupempha kuti pa nthawi yodula keke na yovina akwati, azimitseko tumalaiti take tobiliwila tothamanga, tumene tumaika madontho pa dilesi. Line-up ikamalowa, na kamwana kovina na mpeni wa keke, mapazi amathamanga kuposa maso. Pamenepo shata idzakhala pa 1/200 pamodzi na fulashi, ndipo ine nidzagwada kutsogolo, pambali pang'ono, nyimbo isanayambe. Masitepu awo nawadziwa kale, cifukwa napita kawili kumene amayeselela.

Mutu umodzi susenza denga. Mng'ono wanga uja adzanyamula cikwama, adzagwila mndandanda, ndipo maso ake adzakhala pa zida nthawi yonse, pakuti si onse olowa pa geti amene ali na khadi. Zovala zanga ni zakuda, zaulemu, zosafanana na mtundu wa line-up, na nsapato zafulati zosalila poyenda m'chalichi.

Sinidzakhala nekha wokopa

Pa cikwati ca masiku ano aliyense ni wokopa. Mkwatibwi akangoonekela pakhomo, mafoni 50 amanyamuka, ndipo sipalephela azakhali amene amalowa pakati pa njila na tabuleti yaikulu ngati thileyi. Simungawakalipile, ni alendo olemekezeka, ndipo ena ni amene anasonkha ndalama zimene nidzalipidwa. Napempha a MC kuti alengeze mwa nthabwala zawo kuti anthu akope ali pa mipando, njila ya pakati ikhale ya akwati. Mau a MC anthu amawamva akuseka. Mau amodzimodziwo akacoka kwa ine, adzati mwana uyu ni wamwano.

Palinso anyamata a pa geti, aja amene amakopa alendo polowa, n'kuthamanga kukasindikiza, pofika nthawi ya cakudya zithunzi zili kale pa tebulo zikugulitsidwa. Ena amawaona ngati adani. Ine niona kuti nawonso ali kusakila ya unga, ndipo nchito yawo si yanga. Komiti ni imene idzasankha ngati aloledwa. Canga n'cakuti pa zithunzi za banja pakhale kamela imodzi, cifukwa makamela akakhala atatu, maso a anthu amayang'ana mbali zitatu. Wa vidiyo takambilana kale: iye kumanzele, ine kumanja, ndipo palibe woloŵa kutsogolo kwa mnzake pa nthawi ya mphete.

Phwando likatha, nchito ikalibe kutha. Usiku womwewo, nisanavule nsapato, zithunzi zonse zidzakopeledwa pa kompyuta na pa hard drive ina, ndipo makhadi sadzafafanizidwa mpaka banja litalandila zonse. Pa Facebook sipadzapita ciliconse akwati asanaone na kuvomela, ngakhale kuti mtima wa munthu woyamba bizinesi umafuna kuonetsa msanga. Zithunzi n'zawo, nkhope n'za alendo awo. Potumiza pa WhatsApp nidzatumiza ngati document, cifukwa njila ya masiku onse imafinya cithunzi, ndipo ukafuna kucisindikiza cacikulu cimatuluka cosweka. Nalonjeza zithunzi 20 pa masiku awili oyamba kuti mitima ikhale pansi, zotsala pa masabata atatu.

Nauzanso akwati kuti asindikize, asadalile foni. Mafoni amagwa m'madzi, amabedwa pa City Market, amasinthidwa. Pitani m'nyumba za makolo athu ku Kabwata kapena ku Libala, mudzapeza cithunzi ca cikwati ca 1978 cikali pa cipupa, mtundu unasuluka koma nkhope zonse zilipo. Funsani munthu amene anakwatila zaka zisanu zapitazo kuti akuonetseni zake, mudzamva kuti zinali mu foni ina ija.

Cithunzi coyamba kusindikizidwa sicidzayembekeza masabata atatu. Ambuya a ku Katete alibe WhatsApp, ndipo basi yawo inyamuka pa Intercity pa Mande m'mamawa. Napeza kale malo osindikizila amene amatsegula pa Sondo, nagula felemu ya galasi ku Kamwala, na nyuzipepala zakale zokulungila kuti isasweke m'njila. Msuweni wa mkwatibwi wavomela kuti adzaiika pakati pa vitenge m'cikwama cawo, kuti akafika kumudzi aonetse anzawo amene sanakwanitse ulendo.